Mmene Mungayesere Malonjezo a Wophunzitsa Agalu Musanapereke Galu Wanu ndi Ndalama Zanu

Amene amaweta German Shepherd, Boerboel kapena Rottweiler mu Chipata muno, kaya ndi ku Kalongwezi, ku Moth kapena pa famu ya m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi, sachedwa kukumana ndi munthu wodzitcha wophunzitsa agalu. Ena amatsatsa ntchito yawo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ena amamata timapepala pa mitengo ya magetsi, ndipo ena amangogogoda pageti atamva galu akuuwa. Pakati pawo alipo odziwadi ntchito, koma alipo enanso amene luso lawo lonse lili pakamwa, ndipo onsewa amalankhula mawu ofanana. Popeza palibe chimene chimaletsa munthu kudzilembera dzina la ukatswiri pa chikwangwani, ntchito yosiyanitsa woona ndi wabodza imagwera mwini galu, ndipo iyenera kuchitika galuyo asanatuluke pageti.

Choyamba, lembani papepala chimene mukufuna kuti chisinthe pa galu wanu, ndipo mulembe zinthu zooneka ndi maso. Kunena kuti galu ndi wosamva sikuthandiza, koma kunena kuti amathamangitsa nkhuku za aneba, amakoka chingwe poyenda, sabwera akaitanidwa, kapena amaonetsa mano mwana akayandikira mbale yake, kumakupatsani muyeso woyezera malonjezo onse amene mudzamve. Ngati khalidwe loipalo layamba mwadzidzidzi, yambani mwapita kwa dokotala wa ziweto, chifukwa galu amene akumva ululu m'khutu, m'mano kapena m'chiuno amaluma ngakhale mwini wake, ndipo palibe maphunziro amene angachiritse zimenezo. Kumeneko muonetsetsenso kuti katemera wa chiwewe, amene galu amayamba kulandira akakwanitsa miyezi 3, walembedwa pa khadi lake.

Chachiwiri, tengani uthenga wotsatsa ntchitoyo ndi kuugawa pawiri, mbali imodzi mawu amene angathe kutsimikizidwa, mbali ina mawu ongokometsera. Akuti ndi katswiri woposa onse m'chigawo cha Kum'mawa, akuti amakonda agalu kuyambira ali mwana, akuti njira zake n'zamakono: zonsezi zisiyeni, pakuti palibe poti mungazigwire. Zimene zatsala, monga zakuti anaphunzira ku South Africa, ali ndi satifiketi, kapena anaphunzitsapo agalu a polisi, ndi zimene muyenera kufunsa mwatsatanetsatane. Funsani dzina la sukuluyo, chaka chimene anapitako, miyezi imene anakhalako, ndiponso ngati panali mayeso ogwira galu weniweni pamaso pa woyesa. Munthu amene anapitadi kusukulu amayankha mafunso otere mosavuta ndiponso mokondwa, pamene wongopeka amayamba kukwiya kapena kusintha nkhani.

Nkhani ya satifiketi imafuna kudekha, chifukwa mapepala onse sali ndi kulemera kofanana. Lilipo pepala longosonyeza kuti munthu anakhala nawo pa msonkhano wa masiku awiri, lilipo losonyeza kuti analipira ndalama za umembala ku bungwe lina, ndipo lilipo lochokera ku mayeso enieni. Mwachitsanzo, bungwe la ku America lotchedwa CCPDT, limene linayamba mu 2001, limapereka chizindikiro cha CPDT-KA kwa munthu amene wagwira ntchito yophunzitsa agalu kwa maola osachepera 300 ndi kupambana mayeso olemba, ndipo mayina a opambanawo amapezeka pa intaneti moti mungathe kufufuza nokha pafoni. Sindikunena kuti wopanda pepala lakunja ndi wosadziwa ntchito, ayi. Mabungwe amenewa ali kutali, malipiro ake ndi a madola, ndipo munthu angathe kuphunzira bwino ntchitoyi pogwira pansi pa mnzake waluso kwa zaka zingapo. Chimene chiyenera kukubwezani m'mbuyo ndi bodza, pakuti amene wanama za pepala adzanamanso za zimene akuchita ndi galu wanu inu kulibe. Dziwaninso kuti satifiketi ya PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, imangotsimikiza kuti bizinesi inalembetsedwa, osati kuti mwini wake amadziwa kuphunzitsa galu, ngakhale kuti ndi yothandiza pofuna kumupeza munthuyo zinthu zikavuta. Ndipo wophunzitsa agalu si dokotala: madokotala a ziweto amalembetsedwa ku Veterinary Council of Zambia, choncho wophunzitsa amene akufuna kubaya galu wanu jakisoni kapena kumupatsa mankhwala omufatsitsa walowa m'munda wa eni ake.

Mawu akuti anaphunzitsapo agalu a polisi kapena a kampani ya alonda amakopa anthu ambiri, koma ngakhale atakhala oona sakuyankha funso lanu. Agalu a ntchito zimenezo amachita kusankhidwa pakati pa ambiri, amagwiridwa ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa, ndipo sakhala pabwalo pamene ana akusewera ndi alendo akulowa ndi kutuluka. Galu wa panyumba amafunika luso lina, ndipo muyenera kufunsa ngati munthuyo anagwirapo ntchito ndi mabanja onga lanu.

Chachitatu, chenjerani ndi lonjezo la masiku owerengeka ndi la chipambano chosalephera. Galu angathe kuphunzira kukhala pansi tsiku limodzi, ndipo zimenezi n'zimene zimapangitsa lonjezo la masiku 7 kuoneka ngati loona. Koma galu amene waphunzira kukhala pansi pabwalo la wophunzitsa sadziwa kuti mawu omwewo amagwiranso ntchito pageti lanu njinga yamoto ikudutsa, kufikira ataphunzitsidwanso pamalo osiyanasiyana, ndi anthu osiyanasiyana, pakati pa zosokoneza zosiyanasiyana. Mantha ndi ukali ndiye zimatenga miyezi, ndipo nthawi zina sizitheratu koma zimangochepa. Agalu otsogolera anthu osaona m'mayiko a ku Ulaya ndi ku America amabadwa kwa makolo osankhidwa, amaleredwa mosamala kuyambira ali aang'ono, amayamba ntchito ali ndi zaka pafupifupi ziwiri, komabe ambiri a iwo amalephera maphunzirowo. Ngati mabungwe okhala ndi zonse zofunika sangalonjeze za galu aliyense, munthu amene sanamuone n'komwe galu wanu akulonjeza potengera chiyani? N'chifukwa chake malamulo a khalidwe a bungwe la CCPDT amaletsa anthu ake kutsimikizira mwini galu zotsatira za maphunziro. Wophunzitsa woona mtima amalonjeza zimene zili m'manja mwake, monga kuchuluka kwa maphunziro, zimene adzaphunzitse mlungu uliwonse, ndi kubweranso kudzaona mmene zikuyendera.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, funsani njira imene amagwiritsa ntchito, ndipo musalole kuyankhidwa ndi mawu okuluwika. Funsani kuti galu akachita bwino amalandira chiyani, ndipo akalakwa chimamuchitikira n'chiyani kwenikweni pathupi pake. Yankho labwino limamveka chonchi: akachita bwino amalandira kachidutswa ka nyama, mpira kapena mpata wosewera; akalakwa salandira kanthu, ndipo phunzirolo limafewetsedwa kuti ayesenso. Yankho lakuti amangomuwongolera pang'ono lifunseninso kachiwiri, kuti mudziwe ngati kuwongolerako ndi kukoka tcheni chothina pakhosi, kumenya ndi paipi, kugwetsa galu chagada kapena kumugwiritsa magetsi. Makolala amagetsi amagulitsidwa pa intaneti, ndipo owagwiritsa ntchito amakonda kunena kuti amangotekesa, koma dziko la Wales linawaletsa mu 2010 chifukwa cha ululu ndi mantha amene amabweretsa.

Otsatsa ambiri amalemba mauthenga awo m'Chingelezi ndipo amakonda mawu akuti alpha, kutanthauza kuti galu amafuna kulanda ufumu panyumba, choncho ayenera kugonjetsedwa ndi mphamvu. Ganizoli linachokera ku kafukufuku wa Rudolf Schenkel wa mu 1947, amene anaona mimbulu yosabadwira pamodzi itatsekeredwa mumpanda umodzi ku Basel, m'dziko la Switzerland, ndipo inkamenyana kulimbirana malo. David Mech, katswiri wa ku America amene anathandiza kufalitsa ganizoli mu 1970, anadzaonetsa mu 1999, ataona mimbulu ya kuthengo pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe la make, tate ndi ana awo, ndipo makolo amatsogolera popanda nkhondo yolimbirana ufumu. Wophunzitsa amene akumangabe ntchito yake yonse pa ganizo limeneli akukugulitsani nzeru imene eni ake anaisiya kale.

Umboni wa njira zabwino ulipo ndipo si wa m'maganizo chabe. Mu 2020 akatswiri a ku Porto, m'dziko la Portugal, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa agalu 92 ochokera m'masukulu 7, ndipo anapeza kuti agalu ophunzitsidwa ndi zilango ankaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa, ndiponso m'malovu mwawo munali cortisol wochuluka, amene thupi limatulutsa likapanikizika. Mu 2021 bungwe la madokotala a ziweto oona za khalidwe la nyama ku America, lotchedwa AVSAB, linalengeza kuti agalu onse, ngakhale aukali, aziphunzitsidwa ndi mphotho osati ndi zowawa. Chilango chimaoneka ngati chikugwira ntchito msanga chifukwa galu wamantha amangoti zii, koma chimene chachotsedwa ndi chenjezo lokha. Galu amene ankayamba waonetsa mano asanalume, akamenyedwa chifukwa choonetsa manowo, amaphunzira kuluma osachenjeza, ndipo wolumidwayo kawirikawiri amakhala mwana wa panyumba pomwepo.

Kwathu kuno ziliponso njira zina zimene anthu amauzana zokhwimitsira galu, monga kumudyetsa tsabola kapena chamba, kumutsekera m'kanyumba kamdima usana wonse, kumumana chakudya ndi kumuletsa kuona anthu. Wophunzitsa akangotchula chimodzi mwa zimenezi, nkhani ithere pomwepo. Chamba chimadwalitsa galu kuwonjezera pa kukhala choletsedwa ndi lamulo, ndipo galu wokulira mumdima sakhala wolimba mtima koma wamantha, wosatha kusiyanitsa mbala ndi mlamu wanu wochokera ku Katete. Nthawi imene mwana wa galu amazolowera anthu, phokoso ndi ziweto ndi kuyambira milungu 3 kufikira pafupifupi milungu 14, ndipo amene akulangizani kumubisa pa nthawi imeneyi akukuwonongerani galu.

Chachisanu, yesani mavidiyo ndi maumboni. Vidiyo ya mphindi imodzi yosonyeza galu waukali poyamba ndi wofatsa pamapeto imabisa zonse zimene zinachitika pakati, ndipo zapakatizo ndi zimene mukulipirira. Pemphani vidiyo yosadulidwa ya phunziro lathunthu, ndipo funsani ngati galu amene akuonekayo ndi wa kasitomala kapena ndi wa wophunzitsa mwini, amene wakhala naye zaka zambiri. Poonera, maso anu akhale pa galu osati pa munthu. Galu amene akuphunzira mosangalala thupi lake limakhala lomasuka, amayang'ana wophunzitsa mwachidwi ndipo amafulumira kuyesa. Wamantha amapinda mchira pakati pa miyendo, amagoneka makutu kumbuyo, amanyambita milomo, amayasamula pafupipafupi, amapewa maso ndipo amanyonyomala dzanja likakwezedwa. Onaninso malo amene chithunzicho chinajambulidwa, pakuti ena amaba zithunzi za kunja, ndipo nyumba, udzu ndi manambala a galimoto zimaulula kuti si kuno. Google Lens, pulogalamu ya pafoni yofufuzira zithunzi, ingakuthandizeni kuona kumene chithunzi chinayambira. Mayamikiro olembedwa pansi pa uthenga, ngati onse anabwera mlungu umodzi ndipo akufanana kalembedwe, ndi chikomekome cha mkuyu. Choposa zonsezi ndi kupempha manambala a foni a anthu atatu amene agalu awo anamaliza maphunziro miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, makamaka amene anali ndi vuto longa lanu. Afunseni ngati galuyo akumverabe lero, ngati amamvera aliyense wa m'banjamo, ngati anabwerera ali wonenepa kapena wowonda, ndiponso ngati wophunzitsayo ankayankha foni atalandira kale ndalama zonse.

Chachisanu ndi chimodzi, pitani mukaone nokha phunziro likuchitika, ndipo ulendo woyamba musiye galu wanu kunyumba. Wophunzitsa amene akukana kuti muonerere, ponena kuti njira zake n'zachinsinsi kapena kuti agalu amasokonezeka pakakhala mwini, akubisa chinthu chimene akudziwa kuti simungachikonde. Ngati agalu amagona komweko, yang'anani makola ngati ali ndi mthunzi, madzi oyera ndi mpweya wokwanira, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kungaphe galu wotsekeredwa m'khola la malata, ndipo ku chigwa cha Luangwa, m'boma la Mambwe, kumatentha koposa apa. Funsani zimene amadya ndi kangati pa tsiku, ndipo muone ngati agalu ena ali ndi nkhupakupa kapena mabala pakhosi. Chizindikiro chimodzi chimene sichinama ndi ichi: wophunzitsa wosamala amayamba yekha kukufunsani khadi la katemera. Amene amalandira galu aliyense osafunsa akusonkhanitsa matenda pamalo amodzi, makamaka parvo, imene imapha ana a agalu ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri.

Mwa maganizo anga, kusiya galu kwa wophunzitsa kwa mwezi wathunthu kuyenera kukhala njira yomaliza. Galu amaphunzira kumvera munthu amene akumuphunzitsa, ndipo akabwerera kunyumba kumene aliyense amamuitana mwa njira yake, zonse zimasungunuka m'milungu yochepa. Maphunziro abwino amaphunzitsa mwini galu pamodzi ndi galuyo, ndiponso amafikira onse amene amakhala naye tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo ana, wantchito wa pabwalo ndi mlonda wa usiku. Funsani kuti pa ndalama zimene mukulipira, ndi maphunziro angati amene adzachitikire pakhomo panu, inu mutagwira chingwe.

Za agalu olondera pafunika mawu apadera, popeza ndi zimene ambiri amafunira wophunzitsa. Kuchititsa galu kuluma mkono wokutidwa ndi chiguduli n'kosavuta, ndipo kumaoneka bwino pa vidiyo. Luso lenileni lili pa kumuletsa: galu amene waphunzitsidwa bwino amasiya kuluma nthawi yomweyo mwini wake akalamula, amabwerera pambali pake, ndipo mlendo wololedwa akalowa amakhala phee. Pemphani kuti akuonetseni zimenezi ndi galu wa kasitomala, wolamula akhale mwini galuyo osati wophunzitsa. Ngati galuyo akuchita kukanganulidwa ndi manja kapena kukokedwa pakhosi kuti asiye, ndiye kuti waphunzira theka loopsa lokha la ntchitoyo. Kumbukirani kuti galu akaluma munthu wodutsa, amene amaitanidwa kupolisi ndi kulipira kuchipatala ndi mwini galu, ndipo lamulo la Control of Dogs Act limaika udindo wolembetsa, wotemera ndi wosunga galu pa mwini wake. Nyumba zambiri zimangofunika galu wouwa mwamphamvu usiku ndi womvera masana, ndipo ntchito imeneyi agalu athu akumudzi amaitha bwino. Wophunzitsa amene akunena kuti galu wakumudzi saphunzira, koma iye yemweyo akugulitsa ana a agalu akunja, mawu ake ayeseni kawiri.

Chachisanu ndi chiwiri ndi pangano ndi ndalama. Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe papepala losainidwa ndi nonse awiri, lokhala ndi dzina lonse la wophunzitsa, nambala ya chitupa chake cha NRC ndi malo amene amakhala. Mulembemo zimene galu adzaphunzire, zida zimene zidzagwiritsidwe ntchito ndi zimene mwaletsa, masiku amene muli ndi ufulu wokamuona, ndi amene adzalipire galu akadwala, akavulala, akasowa kapena akafa. Onjezerani mawu oletsa kukweretsa galu wanu popanda chilolezo chanu, chifukwa galu wa mtundu wofunidwa akakhala kwa eni kwa milungu ingapo, chiyeso chimenecho chimakhalapo. Mujambuleni zithunzi mbali zonse tsiku lomupereka, ndipo ngati n'kotheka mumuyeze kulemera kwake. Lipirani pang'onopang'ono motsatira ntchito imene yachitika, ndipo polipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo onani ngati dzina limene latuluka pafoni likufanana ndi la pa pangano. Amene akuti ali ku Lusaka ndipo akufuna mumutumizire ndalama zonse pamodzi ndi za basi asanayambe ulendo wa makilomita oposa 550, pamene simunamuonepo ndipo palibe wa mu Chipata amene akumudziwa, musamutumizire kanthu.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu, tengani pepala lija munalemba poyamba ndi kuyesa galu pabwalo panu, wophunzitsa atangoima pambali osalankhula. Simukuyembekeza kuti zonse zatheka, koma payenera kuoneka kusintha kumene mungakuloze ndi chala, ndipo wophunzitsa ayenera kutha kufotokoza chimene chatsala ndi chifukwa chake. Mukaona galu akuthawa kapena kukodza wophunzitsa akafika, akuwonda, ali ndi mabala pakhosi, kapena wayamba kuopa dzanja lanu, imitsani maphunzirowo tsiku lomwelo ngakhale mutalipira kale, ndipo mupite naye kwa dokotala wa ziweto kuti alembe zimene wapeza.

Ngati mwaona kuti munanamizidwa, yambani mwalembera wophunzitsayo uthenga wofotokoza zimene analonjeza, zimene zachitika ndi ndalama zimene mukufuna akubwezereni. Akakana, dandaulo lanu lingapite ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la mu 2010 loletsa kunamiza ogula pa katundu kapena pa ntchito, ndipo nkhanza kwa galu ndi mlandu pansi pa Prevention of Cruelty to Animals Act, umene mungakaunene kupolisi. Konseko adzakufunsani umboni, choncho jambulani uthenga wotsatsa uja pafoni tsiku loyamba lomwe, chifukwa mauthenga otere amafufutidwa mkangano ukangoyamba, ndipo musunge pamodzi pangano, malisiti, mauthenga a ndalama, zithunzi za galu ndi kalata ya dokotala.